Shopu yoyeza nsapato za figure skating: mtengo wandiwawa koma ndibwererakonso

Izi ndikulembera makamaka makolo anzanga amene muli kuno ku UK ndipo ana anu agwa m'chikondi ndi zotsetsereka pa ayisi. Tilipo ndithu, pa rink yathu pokha, bwalo la ayisi limene ana amatsetserekapo, ndakumanapo ndi mabanja aku Zambia, aku Zimbabwe, ena aku Nigeria, tonse titavala majekete awiriawiri titakumbatira kapu ya tiyi, kumangodabwa kuti mwana ameneyu watengera ndani kukonda kuzizira chonchi. Nde nkhani yanga ndi ya shopu imene tinakagulako nsapato zatsopano za mwana wanga wamkazi zakale zitatha. Pa 5 ndikuwapatsa 4, imodzi ndachotsayo ndifotokoza chifukwa chake, ndipo dzina la shopuyo sinditchula poti ndili ndi madandaulo anga pang'ono. Ili kuno ku Midlands, siili pa rink ayi, ili kumalo aja a ma unit kumene kumakhala magalaji ndi osindikiza ma T-shirt, kachipinda kakang'ono konunkha chikopa ndi guluu, mabokosi mpaka kudenga. Amayendetsa ndi mayi ena achikulire amene anachitapo skating ali mtsikana, ndi bambo ena amene ntchito yawo ndi ya ma blade basi, zitsulo za pansi pa nsapato zotsetserekera pa ayisi, kumanga ndi kunola.

Mwana wanga ali ndi zaka 11, anayamba ndi nsapato zobwereka pa rink zapulasitiki zija zimene aliyense amavala, kenako akupanga ma level a Skate UK, pulogalamu ya British Ice Skating ija, banja lina la pa rink pomwepo linatigulitsa nsapato za mwana wawo motchipa. Zinatitumikira bwino, sindinganame, anamaliza nazo ma level onse mpaka kuyamba kudumpha, waltz jump, salchow, toe loop, loop. Koma atafika pa flip ndi lutz, kenako akochi atayamba kumukonzekeretsa axel, jump yovuta kuposa zonsezi, zinthu zinayamba kusokonekera. Amati akalowa pa ayisi pakangopita kanthawi watuluka kudzamanganso zingwe, kukoka mpaka zala zam'manja kufiira, ndiye akamanga choncho mapazi amachita dzanzi, akamasula pang'ono akuti mami phazi likuyenda mkati. Lilime la nsapato yakumanja limangothawira m'mbali, ukalibweza pakati likubwereranso komweko. Chikhadabo cha chala chachikulu chinayamba kuda, kuseri kwa chidendene kunatuluka kachotupa kolimba, ndipo akatera pa jump kakolo wake amagwera mkati moti ngakhale ine amene sindidziwa kalikonse za masewerawa ndimaona ndili pa benchi kuti apa sizili bwino.

Akochi sanalankhule zambiri. Anangotenga nsapatoyo, nkugwira kumtunda kwake ndi zala ziwiri zokha, nkufinya, mbali ziwiri zija zinakumana popanda kulimbana. Anandionetsanso makwinya akuya pa kakolo, mbali zonse, chikopa chitapindika mpaka kusiya mzere woti utha kulowetsamo chala. Akuti kakhwinya kakang'ono si vuto, nsapato iliyonse imene yavalidwa imakhala nako, koma ikafika apa ndiye kuti yafa, sikumugwiranso mwendo, akutera ndi mafupa ake okha. Ndi iwowo amene anatipatsa nambala ya shopu ija.

Apa ndipamene pali dandaulo langa loyamba. Foni sayankha. Umayimba imangolira, ukalemba meseji akuyankha mawa lake kapena mkuja, ndipo sungangotulukira, amafuna appointment, ndiye masiku a Loweruka amakhala atadzadza masabata angapo kutsogolo. Kwa ife ogwira ntchito za care amene rota imatuluka mochedwa izi ndi zowawa, ndinachita kusinthana shifiti ndi mnzanga kuti tipeze mpata mkati mwa sabata ana ataweruka. Ndikumvetsa kuti ndi anthu awiri okha ndipo akakhala ndi kasitomala sagwira foni, koma abale, kulemba munthu woyankha mameseji ngakhale maola awiri patsiku sikungawagwetse bizinesi.

Koma titangolowa ndinaona kusiyana. Mayi aja sanafunse kuti amavala size yanji. Anamuvulitsa nsapato ndi sokosi zomwe, nkumuyimika pa pepala, kujambula mapazi onse awiri ataimirira, kuyeza kutalika ndi mulifupi mwake mu mamilimita, kuyezanso mozungulira pamene pathera zala ndi pa kakolo. Anapeza kuti phazi lakumanzere ndi lalitaliko pang'ono, akuti ndi mmene anthu ambiri alili, ndipo amayezera lalikululo. Kenako mafunso: amalemera bwanji, amalowa pa ayisi maola angati pa sabata, akudumpha ma jump ati, akutera ndi mwendo uti, akochi ake ndi ndani. Ndipo mafunsowo amafunsa mwanayo, osati ine, ndikafuna kumuyankhira amangokweza dzanja kuti dikirani mayi. Poyamba zinandikhudza, kwathu munthu wamkulu salankhulidwa choncho pamaso pa mwana wake, koma ndinazindikira kuti amafuna amve pamene pakupweteka kuchokera kwa mwini phazi, ndipo mwanayo anawauza zinthu zimene ine sanandiuzepo, monga zoti amapinda zala mkati mwa nsapato kuti zisagunde kutsogolo.

Chimene chinanditsegula maso ndi ichi. Anazula insole ya nsapato yakale ija nkuiyika pansi, nkumuuza aimepo chidendene chitafika kumapeto. Chala chachikulu chinali kunja, kachala kakang'ono kakulendewera m'mbali. Atachotsa phazi, pa insole paja pamaoneka chidindo cha phazi lina, timaenje ta zala za mwana amene anayamba kuzivala uja, tili pamalo pena posiyana ndi pamene zala za mwana wanga zimafika. Nsapato izi mkati mwake muli thonje lina limene limatenga shepu ya phazi la mwini wake, ndiye ukagula zovalidwa kale ukugula ndi phazi la munthu wina lomwe. Mayi aja sananyoze za second hand ayi, anati kwa mwana wongoyamba ndi zabwino ngati sizinapindike, bola muzibweretse aziyeze, koma akayamba kudumpha ndi nkhani ina. Anaonjeza kuti zinali zazifupi kutsogolo koma zotakasuka ku chidendene, nchifukwa chake chidendene chimakwera nkutsika nkumakhuzika mpaka kutulutsa kachotupa kaja, kamene kakanyalanyazidwa kamatha kusanduka fupa lotukuka limene madokotala amati Haglund's deformity.

Ndiye panabwera nkhani ya size. Bambo ake a mwanayo, amene anatiperekeza chifukwa cha galimoto komanso chifukwa khadi ndi lawo, atamva mtengo anangoti mayi, bwanji mutipatse yokulirapo size imodzi kapena ziwiri akulemo, ameneyu akukula ngati chimanga cha m'dimba. Ndipo tisawaseke, tonse tinakula choncho, nsapato ya sukulu imagulidwa yaikulu nkuikamo pepala kutsogolo. Mayi aja anakana ndithu, anati ngati mukufuna zimenezo kagulireni kwina, ine sindingagulitse. Koma anafotokoza bwinobwino. Blade imamangidwa molingana ndi kutalika kwa soli, ndipo si yowongoka ngati rula, ndi yokhota pang'ono, ili ndi kamalo kutsogolo kuseri kwa mano a kunsonga kwa blade kamene munthu amazungulirapo akamapanga spin, kamaloko kamayenera kukhala pansi penipeni pamene pathera zala. Nsapato ikakula kamaloko kamapita kutsogolo kutali ndi phazi, spin imayamba kuyendayenda, mano aja amati toe pick nawonso amakhala kutali ndiye mwana amapunthwa nawo kapena kuphonya pofuna kudumpha. Kuwonjezera apo phazi limatsetsereka mkati, nsapato imapindika pamalo olakwika nkutha msanga, ndiye ndalama umati ukupulumutsa ija waitaya. Kwa mwana amene akukula amasiya kampata pang'ono chabe, ngati theka la size. Ndipo musadabwe nambala ikakhala yaing'ono kuposa ya nsapato zake za kusukulu, zimatero kawirikawiri, komanso makampani ena monga Edea ndi Risport salemba size yathu ija, amalemba mamilimita, 235, 240, 245, kumakwera ndi 5.

Mwana wanga analowa mu shopumo ali ndi maganizo ake kale, amafuna Edea Ice Fly, chifukwa ndi zimene amaona akatswiri atavala pa YouTube komanso atsikana akuluakulu a pa rink. Apanso mayi aja anamukaniza, ndipo ndinawakonda pamenepo poti akanatha kungotidyera. Nsapato izi zimasiyana kulimba, kampani iliyonse ili ndi manambala ake. Nambala ikamakwera ndiye nsapato ikulimba, za Edea nthawi imeneyo Overture inali 48, Chorus 70, Concerto 85, Ice Fly 90, Piano 95, ndipo zapamwambazo anapangira anthu odumpha ma triple ndi ma quad, ozungulira katatu kapena kanayi m'mwamba. Kamwana kopepuka kakavala zolimba choncho sikatha kupinda kakolo, ndiye bondo silipindika bwino, mphamvu yonse yotera imathera m'mawondo ndi m'chiuno. Zofewa kwambiri ndi zoopsa, zolimba kwambiri ndi zoopsanso. Anatichenjezanso kuti 50 ya kampani ina si 50 ya kampani inzake, palibe muyezo umodzi, nde osamafananiza manambala pa intaneti ngati mitengo ya shuga.

Anatulutsa mabokosi angapo, Edea ndi Risport za ku Italy, Riedell ya ku Minnesota ku America, Jackson ya ku Canada, Graf ya ku Switzerland anangoitchula analibe size yake. Palibe yabwino kuposa inzake, akuti, iliyonse inaumbidwa pa shepu yake ya phazi. Mwana wanga ali ndi phazi lathu lija, lotambalala kutsogolo, chidendene chaching'ono, ndipo imene inamukhala ndi Jackson Debut, chifukwa Jackson imadziwika kuti ili ndi malo okwanira ku zala koma imagwira chidendene. Kuyeza kwake sikunali kongovala nkuyenda kawiri ayi. Amamuuza amenye chidendene pansi kuti chikhale kumbuyo asanamange, amange mothina pakati pamene phazi limapindikira, kumtunda asiye mpata woti bondo lipite kutsogolo, kenako aime, apinde mawondo, ayese kunyamula chidendene, agwedeze zala. Zala ziyenera kugwedezeka koma chidendene chisasunthe. Anakhala nazo kuphazi nthawi yaitali ndithu akuyendayenda pa kapeti, mayi aja akungomuyang'ana nkumafunsa pati, pati, ndiuze pati.

Dandaulo lachiwiri, width, kutanthauza mulifupi, imene imafunika inalibe mu shopu, anayezera pa ina yoyandikana nayo nkuchita kuitanitsa, tinadikira masabata ndithu, mwana akupitiliza ndi zakufa zija akochi atamuletsa kudumpha. Kulira kwake kunyumba, inu. Zitafika tinabwereranso, anaziika mu kauvuni kawo kapadera kwa mphindi zochepa, nkumuveka zili zofunda, kumanga, nkumukhazika pampando osasuntha mpaka zitazizira kuti zitenge shepu ya phazi lake. Fupa la kakolo wake lamkati ndi lotuluka kwambiri, anatengera bambo ake, ndiye anapaka lipstick pafupapo, nkumuveka kuti chizindikiro chikhale mkati mwa nsapato, kenako anakankha pamalopo ndi chida chonga pulayala yaikulu yokhala ndi mpira kumapeto mpaka panatuluka kachulu kakang'ono. Zonsezi sanatilipiritse padera. Ndipo chonde musayese zowotcha mu uvuni wa kunyumba mwaona pa TikTok, ndipo si nsapato zonse zimalowa mu uvuni, za Edea mwachitsanzo amazitenthetsa pamalo pokhapo pofunika ndi mpweya wotentha.

Pa level imeneyi nsapato ndi blade zimagulidwa padera, apa ndipamene bambo ake anakhala pansi. Tinatenga Coronation Ace ya John Wilson, kampani ya ku Sheffield imene mbiri yake imayambira 1696, akochi ambiri amaikonda kwa ana ofika pa axel, inzake yofanana nayo ndi MK Professional. Nsapato yokha inapitirira £200, blade nayo inali chapomwepo, kuphatikiza ma guard otchingira blade ndi zina tinatuluka titasauka. Ndikasintha mu kwacha mutu umandipweteka nde ndinasiya kusintha. Ndinayang'ana pa intaneti pambuyo pake, zinali zotsikirako pang'ono, koma kusiyana kwake sikungalipire ntchito imene anatichitira. Dziwaninso kuti akangoziwotcha kapena kuboola soli simungabweze, amakuuzani musanalipire, nde musachite manyazi kutenga nthawi.

Bambo a ma blade aja ndi osalankhula koma ntchito yawo ndi yaukhondo. Samanga ma screw onse tsiku loyamba. Blade ili ndi mabowo ena ozungulira ena aataliko, amayamba ndi aataliwo, ma screw ochepa chabe, nkukuuzani pitani akatsetsereke koma asadumphe, ayime ndi mwendo umodzi aone ngati akupita mowongoka. Mwana wanga mwendo wakumanja umamukokera mkati, tinabwerera anaisuntha pang'ono kwambiri, mwina milimita imodzi, nkukhala bwino, ndipamene anamanga otsalawo, ndipo anasiya mabowo ena opanda kanthu dala kuti akadzafuna kusunthanso padzakhale soli yabwino yoboola. Zabwino zedi, koma kwa ife shopu ili kutali ndi rink ndiye ndi petulo ndi nthawi, akanakhala kuti amabwera pa rink tsiku limodzi pa sabata zikanathandiza.

Pa kunola ndiye sindipitanso kwina. Ine ndimaganiza kuti blade ndi yakuthwa ngati mpeni, ayi, pansi pake ndi pokumbika ngati kangalande, ndiye ili ndi mbali ziwiri zakuthwa, yamkati ndi yakunja, ndipo masewera onsewa agona pa mbali ziwirizo. Kuya kwa kangalandeko amasankha, ambiri a figure skating amaika 7/16 ya inchi kapena theka la inchi, iwo amalemba pa khadi la mwana kuti nthawi zonse zizifanana. Anati azinola pakatha maola 20 mpaka 40 a pa ayisi, kapena akamva kuti akutsetsereka cham'mbali. Chenjezo lawo lalikulu, musapereke blade ya figure kwa munthu wozolowera za hockey yekha, atha kudya dzino la pansi la toe pick kapena kuphwanyitsa kukhota kuja, ndipo chitsulo chikadyedwa sichibwerera.

Kwa amene ndalama palibe pakali pano, ndinafunsa zimene zingakonzeke. Ngati vuto ndi kuthina pamalo amodzi, amakankha monga ndanenera. Ngati yafupika pang'ono, zina amatha kuzitambasula mwina theka la size. Zingwe zikamaluma pamwamba pa phazi chifukwa lilime laphwa, pali timapadi ta gel tovala ngati sokosi, ambiri amati Bunga pads, kapena amamata siponji ina ku lilime. Zingwe zokha zikakalamba zimatanuka nkumamasuka, kusintha zingwe ndi mapaundi ochepa koma kumathandiza, ndipo muzikhala ndi zapadera m'chikwama, Nobunari Oda wa ku Japan chingwe chinamudukira pakati pa pulogalamu ku Olympics ya ku Vancouver mu 2010, Tonya Harding wa ku America naye anavutika ndi chingwe ku Olympics ya ku Lillehammer mu 1994. Koma ikafa pa kakolo palibe mankhwala. Ena amakulunga tepi, ndipo ngakhale Nathan Chen wa ku America anachitapo zimenezo pa World Championships ku Helsinki mu 2017 nsapato zake zitatha, anagwa, anathera pa nambala 6, munthu amene anadzatenga golide ku Beijing mu 2022. Ngati tepi sinamupulumutse iyeyo, mwana wanu ndi ndani. Sokosi zokhuthala nazonso si yankho, amavala zopyapyala kapena ma tights, zokhuthala zimangowonjezera kutsetsereka ndi matuza.

Masabata oyamba ndi nsapato zatsopano si osangalatsa kwa aliyense, zimakhala zouma, akochi anamuuza asamange mahuku apamwamba penipeni kaye, azichita ma crossover, kopingasitsa miyendo pokhota kuja, ndi kupinda mawondo kwambiri, kanthawi kochepa kochepa. Panopa zamuzolowera, satulukanso kudzamanga zingwe, chikhadabo chikumera chabwino, kachotupa ka pa chidendene kakuphwa. Axel sanaipeze, akugwabe, koma akugwa chifukwa axel ndi yovuta osati chifukwa nsapato yamugwetsa, akochi akuti kutera kwake pa ma jump enawo kwalimba.

Kasamalidwe anatiphunzitsa ndi kophweka koma mwana amaiwala nde ndine wapolisi wake. Akatuluka pa ayisi avale ma guard olimba poyenda, akavula apukute blade ndi soli ndi kathaulo mpaka ziume, nkuveka ansalu aja amati ma soaker, osasunga mu ma guard olimba chifukwa amasunga madzi nkubweretsa dzimbiri. Kunyumba atulutse m'chikwama, amasule zingwe, akoke lilime kuti mupite mphepo, ndipo osaziika pa radiator ngakhale kunja kukuzizira bwanji. Ma screw muziwayang'ana, amamasuka okha.

Zakale zija ndimafuna ndigulitse kwa banja lina la pa rink, mayi aja anati ayi, zimenezo ndi za mu bin, musapweteketse mwana wa eni. Anati tibwere pakapita miyezi ingapo adzamuyezenso ulere, ndipo ngati phazi lakula pang'ono pokha blade yomweyi itha kusamukira pa nsapato ina, bola kusiyana kwa blade ndi soli kusapitirire kota ya inchi. Bambo ake kuyambira tsiku limenelo amangoyang'ana mapazi a mwanayo akamadya, dzulo ndawamva akumufunsa ngati wafunikiradi kuwonjezera nsima.